Kabotolo Kofiira pa Mawondo Onse Awiri

Namwino anaika kabotolo kofiira pasikelo, n'kukachotsa, n'kuikapo kobiriwira. Kenako anayang'ana telala pamwamba pa magalasi.

"Bambo a Dona, kofiiraka kapepuka ngati mukudyera buledi. Kobiriwira kakadali kolemera. Mwatani?"

Telala anangoti kukamwa yasa. Mwana wake wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene kunyumba ankamutcha Dona chifukwa cha kulamula, anali pabedi akuseweretsa bandeji. Anabadwa ndi khungu losalimba, matenda osowa a kumtundu. Msoko wa malaya ukangomukhula, matuza, mawa lake chilonda. Bambo ake ankamusokera zovala msoko uli kunja.

Mwanayu atalowa m'kafukufuku wa mankhwala opaka, madokotala anasankha zilonda ziwiri zofanana, za pamawondo. Kofiira kumanja, kobiriwira kumanzere. Kamodzi kanali ndi mankhwala, kenako mafuta chabe, ndipo ngakhale namwino sankadziwa kenikeni ndi kati.

"Mayi, ndisaname," anatero telala. "Chakumanja chinayamba kutseka sabata yachitatu, chilonda chokhala chaka chathunthu! Chakumanzere bandeji kumata m'mawa uliwonse, mwana kulira. Ine mankhwala ali m'manja, ndizingoonerera? Masiku asanu ndi anayi ndapaka kofiira konsekonse."

"Ndinawauza," Dona analowerera. "Ndinati anesi ali ndi sikelo."

Namwino anaseka pang'ono, koma telala sanaseke. Mantha ake anali amodzi: akawachotsa m'kafukufuku, kabotolo kofiira katsala pomwepo, ndipo bondo lija litsegukanso. Kusitolo mankhwalawo kulibe.

"Mutichotsa?"

Namwino analemba masikuwo, natuluka ndi pepala kukaonana ndi dokotala. Telala anatsala akuwerenga matayilosi apansi.

Namwino atabwerera anakhala pampando moyang'anizana naye.

"Simuchoka. Chakupulumutsani ndi pakamwa panu. Mukanabisa, pepala likanati mawondo onse akupola mofanana, ndiye kuti mankhwala alibe ntchito. Akanawataya, bambo. Ana a matendawa ndi ochepa, bondo lililonse timaliwerengera. Inu mukuti kofiira n'kamene, mwina n'zoona, koma tiyenera kuzionetsa."

"Ndinalakwa, mayi."

"Munachita zimene kholo lililonse limalakalaka. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwatsala sabata zisanu, kenako ana onse alandira mankhwala enieni, monga zilili papepala lomwe munasaina."

Telala anawomba m'manja mwaulemu, kawiri, katatu. Zaka zisanu ndi ziwiri anthu akhala akumuuza kuti pepani, palibe chochita, ndipo lero munthu anamupeza wolakwa koma osamutsekera chitseko. Anayamikira mpaka misozi inalengeza.

"Basi, basi, mungandinyowetsere mabandeji," anatero namwino, namupatsa kabotolo kobiriwira. "Pakani ndikuona."

Apa ndiye panali povuta. Telala analandira kabotoloko. Anayang'ana mwana wake.

"Mama, zipwetekabe sabata zisanu."

Dona anatambasula mwendo wamanzere, nagwiritsa m'mphepete mwa bedi.

"Pakani, ababa. Koma pang'onopang'ono, osati ngati mukusita."

Telala anagwada, natsegula kabotolo. Mumtima ankakhulupirira kuti ndi mafuta opanda kanthu, koma anawapaka mosamala kuposa masiku onse.