Mpando Umodzi, Atsikana Awiri

Nde imvani za Fyuzi kkkk. Fyuzi ndi kamtsikana kakafupi, mawu ngati wailesi ya m'basi, ndipo dzinalo anamupatsa ndi anyamata a m'kalasi mwake poti sachedwa kuphulika. Kuseka amaphulika, kukwiya amaphulika. Amaphunzira zamagetsi pa koleji ya ntchito zamanja ija ili kuseri kwa depoti, ya mawindo theka magalasi theka makatoni.

Koma nkhani inali kunyumba. Mayeso olowera pakolejipo analemba awiri, iye ndi achimwene ake. Ndipotu zamagetsizi eni ake anali achimwenewo. Mawailesi onse a mumsewu mwawo anadutsa m'manja mwawo, ena n'kuchira, ena n'kumwaliriratu. Fyuzi ankangokhala pambali kuwaunikira tochi, akucheza, akuseka, mpaka naye zinamulowa. Zotsatira zitatuluka, wa tochi anatengedwa, mwini pulayazi n'kutsala.

Masiku oyamba achimwene ankangoyenda nkhope ngati yofufuma. Kenako mnzawo wina anawanong'oneza kuti m'kalasi ya zamagetsi mumakhala mpando umodzi wosungira mtsikana, woti ngakhale malikisi ake achepeko pang'ono amalowa basi, poti ntchito imeneyi chiyambire ndi ya amuna okhaokha. Inu, munthu anachira tsiku lomwelo. Anadya bwino, kubafa anasamba akuimba. Kuyambira pamenepo dzina la mlongo wawo analitaya, n'kuyamba kumutchula kuti a Mpando. Komanso anasiya kumulankhula mwachindunji, chilichonse chimadutsira kwa amayi.

"Amayi, tawauzani a Mpando andipatsire mchere."

Mcherewo uli pafupi ndi iwo omwe kkkk.

Amayi poyamba ankaganiza kuti akunena mpando weniweni. Anafunsa ngati uli ndi khushoni, kenako anati ngati vuto ndi mipando, bwanji mnyamatayu osanyamula wa pakhonde uja n'kupita nawo, suja sitiukhalira. Fyuzi anawafotokozera bwinobwino. Apa amayi anati iwo ali mtsikana ankafuna kuyendetsa basi, anthu anawaseka ati miyendo ya mkazi siifika pa buleki, nde ngati lero kuli mpando mwana wawo akhalepo ndithu, atambalale. Koma tsiku lomwelo Fyuzi anawaona akuthira shuga wowonjezera mu tiyi wa achimwene, mwakabisira.

Achimwene nawo mfundo anali nazo, osanama. Ankati mayeso ndi mayeso. Ankati magetsi sanena kuti aa uyu ndi mtsikana ndimugwire pang'onopang'ono. Fyuzi ankayankha kudzera kwa amayi omwewo kuti magetsi sasankha zoona, koma anthu olemba ntchito amasankha. Amayi pamapeto pake anati iwo si foni.

Tsono apa ndi pamene panali pokoma. M'kalasimo atsikana anali awiri. Mpando umodzi, atsikana awiri. Kutanthauza kuti mmodzi analowa ndi malikisi ake enieni, winayo ndiye wa mpando. Koma ndani? Funso limeneli linamukhala Fyuzi ngati kamwala mu nsapato.

Mtsikana winayo ankamutchula kuti Zikhadabo. Wamtali, wofatsa, zikhadabo zazitali zopaka pinki, pulayazi ankaigwira ndi zala ziwiri ngati wagwira mphemvu yakufa. Tsiku lina babu litaphulika anathawira kuseri kwa chitseko n'kumaitana mayi ake. Fyuzi mumtima anagamula mlandu pomwepo: wa mpando ndi uyu, palibenso za apilo. Komabe umboni unafunika. Anayamba kumuzonda. Kusuzumira m'mene amalumikizira waya, kumuperekeza kogula mabanzi, kumufunsa mozungulira ngati wapolisi wachinsinsi. Funso lija la masamu pa mayeso aja unalimva bwanji? Kwanu alipo wamagetsi? Zikhadabo ankangoyasamula. Tsiku lina anatopa naye n'kumuuza kuti iye zimenezo alibe nazo ntchito, mpando ndi mpando bola munthu wakwanapo.

Anyamata nawo nkhaniyi ankaitafuna nthawi yopuma, atakhala pa madiramu a waya. Wina ankati mpando wotero ndi kunyoza atsikana omwewo, ngati kuwauza kuti paokha sangathe. Wina ankati iwe ukunena chifukwa sunaone kwathu, mlongo wanga bambo samulola kugwira ngakhale rimoti. Zikhadabo anangoponyapo kamodzi, akuyang'ana zala zake, kuti iye akalowa m'sitolo kukagula waya amamufunsa kuti wakutuma ndani. Palibe anagonja. Belu ndi limene linkawalanditsa.

Chimene chinamupweteka Fyuzi si dzina la a Mpando ayi, limenelo mwina ankaseka nalo payekha. Inali simbi. Simbi ya amayi inasiya kutentha, ndipo kale chinthu chikafa m'nyumbamo awiriwa ankachitsegulira limodzi pamkeka, mitu itagundana, akukangana kuti vuto lili pati. Ulendo uno achimwene anainyamula, kulowa nayo kuchipinda kwawo, chitseko gwa. Fyuzi anaima pakhomopo ngati mlendo wosochera. Anaganiza kuti basi, akawabweretsere umboni woti wa mpando ndi Zikhadabo, awuike patebulo, aone ngati sawatsegula pakamwa.

Munthu wodziwa zoona anali mmodzi yekha, mphunzitsi wawo, amene ankayesa nawo anthu polowa. Ana asukulu ankawatchula kuti a Zimitsani, poti chilichonse ungawafunse, ngakhale moni, amayamba ndi kufunsa ngati wazimitsa kaye magetsi. Nde tsiku lina atamaliza ntchito ya pabolodi, Fyuzi anadzipereka kukulunga mawaya, chinthu choti sanachitepo chibadwire. Anzake onse atatuluka anayamba kuzungulirazungulira pafupi ndi tebulo la aphunzitsi, waya yemweyo kukulunga, kumasula, kukulunganso.

"Iwe, wayayo wakulakwira chiyani?"

"Aphunzitsi, ndimati ndifunse nawo. Pa atsikana awirife, wa mpando uja ndi ndani?"

A Zimitsani anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati funso limenelo lili ngati waya wamoto, ukaligwira sungabwerere n'kunena kuti sindinagwire. Fyuzi anati agwira. Anamufunsanso kachiwiri. Anati agwira ndithu.

"Ndiwe."

Basi, choncho, ngati akumuuza nthawi. Anawonjezera kuti Zikhadabo uja, yemwe uja wothawa babu, anaposa onse amene analemba, ndi anyamata omwe. Fyuzi anakhoza inde, sanatoledwe pamsewu, koma pamwamba pake panali anyamata amene anamuposa n'kutsala.

Mukudziwa, Fyuzi sanaphulike. Koyamba m'mbiri. Anangoima pomwepo, wayayo ali m'manja. Anafuna kuthawa, koma chidwi ndi matenda oipa, chinamukoka malaya.

"Nde malowa anali a achimwene anga?"

Aphunzitsi anafunsa kuti achimwene ake ndi ati. Anawafotokozera, wamtali, anabwera ndi pulayazi yakeyake m'thumba lakumbuyo. A Zimitsani anamwetulira, anati ameneyo amukumbuka, manja ake ndi abwino kwambiri, koma pepala la masamu analisiya loyera ngati akulisungira mlendo. Pakati pa achimwenewo ndi chitseko cha kalasi panali mzere wa anyamata, wautali ndithu. Pakanapanda mpandowo akanalowa mnyamata wina, wachete, amene anabwera atavala nsapato zobwereka zazikulu moti poyenda zinkatsalira m'mbuyo. Dzina anakana kutchula. Anangoti popeza wafunsa wekha, dziwa kuti pamene wakhalapo panali munthu, nde usamagonepo.

Popita kunyumba Fyuzi anali ngati wasenza mitolo iwiri, wina wake wina wa achimwene, yonse yaminga. Anaganiza zokangotula umodzi. Akanena woyamba wokha, achimwene akondwa, koma iye akhala a Mpando mpaka imvi. Akanena wachiwiri wokha, ndiye kuti wachita chinyengo, zake wabisa. Osanena chilichonse? Aa, Fyuzi kusunga nkhani m'mimba, angatupe kkkk.

Anawapeza pakhonde, atayala nyuzi, akusanja tizitsulo tawo. Anakhala pansi chapafupi.

"Achimwene, ndafunsa."

Achimwene anatembenuka kufuna amayi oti adutsireko. Amayi anali atapita kumsika. Anayang'ana mphaka, mphaka anachoka. Nde panalibe kuchitira mwina.

"Wafunsa chani?"

"Za mpando. Munkanena zoona. Ndine."

Kumwetulira kunayamba kutuluka pang'onopang'ono, kuchokera mbali imodzi ya kamwa. Anati iwo ankadziwa, ankadziwa kuti malo aja anali awo.

"Ayi, achimwene. Sanali anu."

Anawauza zonse. Za manja abwino anayambira dala, kenako za pepala loyera, za mzere, za mnyamata wa nsapato zobwereka. Ankalankhula akuyang'ana pansi, mwendo umodzi uli wokonzeka kuthawa. Kumwetulira kuja kunabwerera komwe kunachokera. Achimwene anatola kasikulu, kukayang'ana ngati sanakaonepo, kukaika pansi, kukatolanso.

"Mzerewo wautali bwanji?"

"Wautali ndithu."

"Masamu aja?"

"Masamu aja."

Fyuzi anawasuzumira m'mbali. Ankadikira kuthamangitsidwa. Koma achimwene anakanda m'mutu, n'kukwinya nkhope ngati m'mene amachitira akatsegula chinthu n'kupeza kuti vuto silili pomwe amaganiza.

"Nde ukutanthauza kuti nthawi yonseyi ine ndakhala ndikukwiya m'malo mwa munthu wina? Ulere?"

Apa ndiye Fyuzi anaphulika. Anaseka mpaka kugona chagada, misozi mbwee, theka ya kuseka theka ya zina. Achimwene anayesa kuumitsa nkhope, koma mapewa anawapereka.

Kenako anafunsa kuti mnyamatayo ndi ndani. Fyuzi anati sakudziwa, akudziwa nsapato zokha. Achimwene anati dikira, tsiku la mayeso panali wina anakhala kutsogolo kwawo, wa malaya ofiira, poyenda ankamveka phwa phwa. Fyuzi anati ayi wa malaya ofiira uja anavala masilipasi, anamuona ndi maso ake. Anakangana pamenepo, iwe, inu, iwe, inu, ngati kale. Anayamba kumuganizira munthuyo. Kodi akudziwa kuti anatsala pakhomo penipeni? Ali ndi mlongo woti azimunena? Nanga nsapatozo anabweza? Achimwene anati mwina pano akugulitsa machaja pa depoti. Fyuzi anati mwina akuwerenga kuti adzalembenso, ndipo achimwene anati hmm, kulembanso eti.

Musaganize kuti anagwirizana, ayi. Achimwene ananenetsa kuti kwa iwo mpando umenewo ndi wokondera basi, mnyamata uja analakwiridwa. Fyuzi anati mwina, koma popanda mpandowo m'kalasi monse mukanakhala mtsikana mmodzi yekha, ndipo iye satsikapo.

"Ndani wati utsike? Ungophunzira, usatichititse manyazi ine ndi wa nsapato."

Kuyambira tsiku limenelo Fyuzi akamadutsa pa depoti maso amakhala pansi, kumapazi a anyamata. Wagundapo kale mtengo wa magetsi, wamagetsi wathunthu kkkk. Akaona nsapato zokayikitsa amafika kunyumba akuthamanga, achimwene n'kumufunsa mtundu wake, kukula kwake, mwini wake amayenda bwanji, kenako n'kugamula kuti si ameneyo. Tsiku lina anawafunsa kuti nanga akadzamupezadi adzamuuze chiyani, pepani kapena zikomo. Achimwene anaganiza, anaganiza, kenako anati ayambe ndi moni, zinazo aziona konko.