Njinga Imene Inkakana Kukonzeka

Chithereni banja, dalaivala wa galimoto yoperekera buledi ankaonana ndi mwana wake wamkazi m'mawa mokha. Ankaima pageti pa amayi a mwanayo n'kuimba hutala, mtsikanayo n'kutuluka chothamanga, nsapato ina isanamangidwe. Bamboyo ankamutchula mwanayo kuti Abwana, poti ankakhala kutsogolo n'kumalamula.

Kuchoka pagetipo kukafika kusukulu si patali, koma ubambo wake wonse unali m'kamtunda kameneko. Ndi mmene ankamvera kuti dzino layamba kugwedera, kapena kuti aphunzitsi a masamu amalankhulira m'mphuno. Akamutsitsa, tsiku lonse linali la makireti, ndipo madzulo ankabwerera kukachipinda kake ka lendi, komwe ankacheza ndi wailesi.

Tsiku lina Abwana anakwera ndi nkhani.

"Ahedi akuti magalimoto achuluka pageti pa sukulu, wina adzagundidwa. Akuti okhala pafupife tiziyenda pansi kapena panjinga, ati tizifika m'kalasi tulo titatha. Anzanga ayamba kale. Adadi, mundigulira?"

Mtima unamuwawa, koma pakamwa panatuluka mawu oti chabwino.

Anagula njinga yakale n'kuiimika m'chipinda mwake, pakati pa bedi ndi ndowa. Tsono munthu woti amamasula injini ya galimoto n'kuibwezera yekha, njinga ingamuvute chiyani? Koma iyi inadwala matenda osamva mankhwala. Sabata ino tcheni, sabata yamawa mabuleki, kenako masipoko. Madzulo ankangokhala pabedi n'kumazungulitsa wilo ndi chala. Ankadziwa bwino kuti tsiku limene njingayo idzachire, mpando wakutsogolo udzakhala wopanda munthu.

"Adadi, kodi ndidzaikwera nditamera imvi?" anafunsa Abwana m'mawa wina.

"Mabuleki si masewera, Abwana."

Mtsikanayo anatembenukira kuwindo, komwe anzake ankadutsa panjinga akuseka, zikwama zikudumpha kumsana. Mawa lake anangokhala duu, mkuja chimodzimodzi. Dalaivala anayesa nthabwala zake zonse, osaphula kanthu. Mwana anali naye m'galimoto, koma nkhani zinali zitatha, ndipo anachita manyazi.

Loweruka anaikonza njingayo, n'kuikweza pamwamba pa makireti n'kupita naye mwanayo kubwalo la mpira. Anathamanga pambuyo pake atagwira chishalo mpaka malaya kunyowa.

"Manja onse pahandulo, maso kutsogolo," ankatero ali wefuwefu. "Pamsewu, wina aliyense akakuitana, usacheuke. Wamva?"

"Ndamva, adadi. Tasiyani tsopano."

Anasiya. Mwanayo anaphunzira msanga kuposa mmene bambo ake ankafunira.

Lolemba m'mawa sanapite pageti paja. Anaimika galimoto pakona pa sitolo ina, buledi akuzizira kumbuyo, n'kudikira. Posakhalitsa ana anatulukira, Abwana ali pakati pa anzake, msana uli chilili, akupalasa mosamala. Dalaivala anatsika n'kukweza dzanja.

"Abwana," anaitana.

Mwanayo anamva ndithu, chifukwa milomo yake inagwedera ngati afuna kumwetulira. Koma manja sanachoke pahandulo, ndipo sanacheuke. Anadutsa bwinobwino, ndendende mmene anaphunzitsidwira, mpaka anakhota.

Dalaivala anatsala dzanja lili m'mwamba. Analitsitsa pamene mwini sitolo anamufunsa ngati buledi wa lero atsike kapena ayi.