Maliro amene anabisira Mulunesh

Mayi Tiruwork anamwalira Lachiwiri masana, ali pakhonde la nyumba yawo ku Dessie, akusankha barele. Mnansi wawo anawapeza atatsamira khoma, lichero likadali pamiyendo. Mayi Tiruwork anali mzamba, ndipo ana ambiri a m'dera limenelo anabadwira m'manja mwawo. Pa tsiku la maliro msewu wopita kutchalitchi unachepa.

Atabwerako kumanda, mng'ono wa malemuwo, mayi Asnakech, anakokera Demissew kuseri kwa tenti ya maliro. Demissew anali mwana woyamba wa malemuwo, mphunzitsi wosalankhulalankhula. Nkhani inali ya mlongo wake Mulunesh, amene anakwatiwa ku Kombolcha. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo mimba ziwiri zoyamba zinapita padera.

"Usamuuze mpaka achire," anatero mayi Asnakech.

"Amayi aang'ono, amwalirawa ndi amayi ake."

"Ndiye ukufuna tikumbenso manda awiri? Amwalirawa ndi akulu anga. Ndikudziwa zimene akadanena."

Demissew anavomera. Ngakhale mlamu wake Getaneh, mwamuna wa Mulunesh, anavomera. Koma foni zonse za Mulunesh zinkafikira kwa Demissew.

"Achimwene, ya amayi bwanji siikupezeka?"

"Inagwera m'madzi."

"Apatseni yanuyo ndiwamve."

"Apita kumapemphero kuphiri. Miyendo ija yawayambanso."

Mabodzawo anafika mwezi wathunthu. Kenako Mulunesh anachira, mwana wamkazi wamphumphu. Achibale anadikiranso masiku khumi kuti thupi lake lilimbe.

Uthenga wa maliro sauperekera pafoni, ndipo amafika nawo m'mawa. Choncho Demissew ndi mayi Asnakech anagogoda ku Kombolcha dzuwa likungotuluka. Getaneh anatsegula, maso ali pansi. Mulunesh anali pabedi akuyamwitsa. Atawaona anamwetulira, nasuzumira kumbuyo kwawo kuti aone wachitatu.

"Abwera? Lero ndiye andimva. Mzamba wa dziko lonse, koma wake yemwe..."

Anaona ndevu za mlongo wake, zosametedwa kwa masabata. Anaona nsalu yoyera ya amayi aang'ono, mkawo wake utayang'ana kumutu monga amavalira ofedwa. Getaneh anamulanda mwana msanga.

Kulira kwake kunadzutsa nyumba zonse za mumpanda. Anadziguguda pachifuwa mpaka amayi awiri oyandikana nawo anamugwira manja. Mawu atatha, anafunsa chapansipansi:

"Liti?"

"Masiku makumi anayi akwana mawa," anayankha Demissew.

"Foni ija inagwera m'madzi?"

Mulunesh anapitiriza:

"Inu munalira. Munathira dothi. Ine kuno ndimadya, ndimaseka. Mukudziwa zimene ndinanena tsiku limene matenda anandiyamba? Funsani alamu anuwa. Ndinati ngati amayi sabwera lero, asadzabwerenso pakhomo panga. Ndinatukwana munthu ali m'manda, achimwene! Inu ndi amene munandiyika mawu amenewo m'kamwa."

"Timaopa mwana, mlongo wanga."

"Tulukani."

Demissew anatuluka, nakhala pa mwala pafupi ndi chitseko. Zonse ankazimva. Mayi Asnakech sanateteze munthu aliyense. Anapempha mbaula ndi mphika, namasula kathumba ka ufa kamene anabwera nako.

"Barele uyu ndi amene ankasankha tsiku lomwelo," anatero. "Anali wa phala lako la uchembere. Ine ndangomaliza kukazinga ndi kupera. Munthu amene wakuiwala sakusankhira barele, mwanawe."

Akutakasa phalalo anayamba kusimba. Anasimba za chaka cha chilala, pamene Tiruwork anabereka Mulunesh kumbuyo ali ndi chikuku, nayenda tsiku lonse wapansi mpaka kuchipatala, nsapato atazisinthanitsa ndi mkaka panjira. Anasimba mmene ankakalipira azibambo oyendayenda pakhomo mkazi akubereka: "Iwe, ntchito yako unamaliza kalekale, kakhale uko!" Mmodzi wa amayi aja anaseka mosafuna, napukuta misozi.

"Nanga mawu anga aja?" anafunsa Mulunesh.

"Amako anamva zoposa pamenepo kwa azimayi obereka. Ena ankawaluma. M'mawa mwake ankapita kukawasambitsa."

Mulunesh anadya masipuni atatu, batala akuyenderera m'mbali, kenako anatembenukira kukhoma. Anthu anabwera tsiku lonse, kukhala pansi, kumwa khofi, kupita. Madzulo Demissew analowa kudzatsanzika. Mlongo wake sanacheuke.

Mwambo wokumbukira malemu wa masiku makumi anayi unachitika Mulunesh palibe, chifukwa mchembere satuluka. Kumanda anakafika mwana atabatizidwa, dothi litaphwa kale, udzu utamera. Anakana kuti wina amuperekeze. Anakhalako kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka.

Panapita chaka asanalankhule ndi Demissew. Masiku ano amalankhulana, amayenderana pa Pasaka, ndipo mwana uja amathamangira amalume ake. Koma Demissew akanena kuti kumudzi onse ali bwino, Mulunesh amayankha kuti chabwino, kenako amaimbira mnansi wa kumeneko kuti amve zoona.