Wopaka Penti ndi Msana wa Mkazi Wake

Wopaka penti wina ankadziwika ndi mawu amodzi: kupaka kamodzi n'kusewera. Khoma lililonse ankalibwereza, ngakhale mwini nyumba atakhutira kale. Ndiye mkazi wake atadwala chikanga, thupi likuyabwa mpaka kudzikanda magazi, achipatala n'kupereka mankhwala opaka, ntchito inapeza mwini wake.

Adokotala anati azipaka pang'ono, podwala pokha, pakapola asiye. Koma munthu wa penti mungamuphunzitse kupaka? Bamboyo ankayala mankhwalawo kuyambira m'khosi mpaka mu akakolo, n'kubwerezanso. Chikanga chikangosuzumira, ankathamangira kogulitsa mankhwala, kuchipatala osadzerako. Zaka zinapita choncho.

"Amuna anga, mwandiyesa khoma?" ankaseka mayiyo.

"Khoma langa silisuluka," iye ankayankha, akudzitama.

Mwana wawo wamkazi atakhala ndi pakati, mayiyo anagula mbereko yamaluwa achikasu n'kuipinda pamwamba pa kabati. Mdzukulu woyamba ankafuna kumubereka yekha, kumuyendetsa msewu wonse anthu aone. Koma m'mawa wina anawerama kuti anyamule ndowa yamadzi, msana n'kulira, iye n'kugwa pomwepo.

Adokotala atayang'ana chithunzi cha mafupa anafunsa zimene ankamwa. Panalibe. Atafunsa zopaka, bamboyo anatulutsa kachubu m'thumba la ovololo, n'kufotokoza kapakidwe kake konse.

"Awa ndi masiteroidi amphamvu, bambo. Mukapaka thupi lonse zaka zambiri amalowerera m'magazi, mafupa n'kufooka. Fupa la msana laphwanyika. Mankhwalawa tiwachepetsa pang'onopang'ono, koma zonyamula aiwale kaye."

Bamboyo anayang'ana manja ake. Anali asanamukwezerepo dzanja mkazi wake chikwatirane, koma manja omwewo ndi amene anamuthyola msana. Zinamuwawa kwambiri, ndipo analibe womuloza chala.

Khanda litabwera kudzaonekera, mayiyo analilandira chokhala, atatsamira mapilo. Litayamba kulira, maso a mayiyo anapita pa kabati. Bamboyo anatsitsa mbereko ija, nawerama, mwana wawo n'kumuika khandalo kumbuyo. Zala zozolowera bulashi zinkalephera mfundo.

"Kwezani pang'ono, mutu usalendewere," anatero mayiyo, akumuyang'anitsitsa. "Kokani nsaluyo. Eya, mangani."

Bamboyo anamanga kamodzi n'kuima, akuopa kuonjeza.

"Bwerezani, amuna anga," anatero mayiyo, misozi ili chuchuchu. "Apa pokha bwerezani."