Tingolo Tiwiri, Njanji Imodzi

Mwana wanga Fawaz ndi msuweni wake Mithkal anayamba kupikisana asanamere ndevu. Bola akanamamenyana, tikanamaonerako. Iwo amapikisana pa ulemu. Akakumana pakhomo la mzikiti, "lowani ndinu, ayi lowani ndinu," mpaka swala kutha iwo ali panja.

Ndiye Lachisanu lina Fawaz anatitengera ku Katrana kukakwera tingolo ta pa njanji yakale ya Aturuki, tija topopa ngati mjigo. Ine anandikhazika pakati ngati thumba la ufa. Kumbuyo kunali mkazi wake Suheir, mpongozi amene zaka zonsezi sanandimwetsepo tiyi wa shuga wokwanira. Fawaz akupopa, thukuta kamukamu, kamimba kakuvina.

Njanjiyo ndi imodzi. Mukakumana ndi anzanu, amene muli ochepa mumatsika, kunyamula kangolo kanu kuika pambali, enawo n'kudutsa. Ngakhale mbuzi ingamve zimenezi.

Titangopitirira mlatho wamiyala, kutsogolo kangolo kena gwedegwede. Wopopa wake ndani? Mithkal, ali ndi mkazi wake Intisar. Iwo awiri, ife atatu. Nkhani inali yothatha.

"Msuweni, khalani pomwepo, ndikuchotsa kanga," anatero Mithkal.

"Inu ndi aakulu kwa ine! Ndichotsa ine."

"Mwanyamula azakhali anga!"

"Amayi atsika, ndi olimba awa."

"Wolimba ndi mutu wakowo," ndinatero ine.

Apo Fawaz maso psuu, chala m'mwamba. "Wallahi, kangolo kanu kakangochoka pa njanjipa, Suheir si mkazi wanganso!"

Mithkal agonje? Ndani? "Kanunso kakachoka, Intisar ndamusiya lero lomwe!"

Kwathu mwamuna akalumbira pa banja walumbira, palibe zoti ndimangocheza. Kangolo kamodzi kanayenera kuchoka, ndiye kuti banja limodzi linayenera kutha. Fawaz anatembenuka kuyang'ana Suheir, chifukwa chitsiru chimenechi chimamukonda mkaziyu ngati chinadyetsedwa mankhwala.

Ine mtima unangoti myaa.

"Mithkal, mwana wa achimwene anga," ndinatero, "usavutike ndi ulemu. Chotsa kakoko, kakuoneka kopepuka."

"Amayi!" anakuwa Fawaz.

"Chiyani? Ndikuthandiza kuganiza."

Ndikulankhula choncho ndinangomva kangolo kathu kakugwedezeka. Kuyang'ana pansi, Intisar watsika kalekale, wapinda manja a diresi, wagwira kangolo kathu, akukanyamula mitsempha ya m'khosi ili panja.

"Azakhali, tatsikani pang'ono, mukulemera."

"Intisar!" anatero Mithkal. "Ukudziwa chimene ukuchita?"

"Ndikudziwa bwinobwino. Bwera undigwirire mbali iyo."

Ine sindinasunthe. Kathu kakanachoka likanatha banja la Mithkal, ine phindu langa likanakhala chiyani? Ndinakhazikika ndi thupi lonse limene Mulungu anandipatsa. Intisar anakoka, anakoka, mpaka anakhala pansi pamiyala.

Ndiye Suheir, amene nthawi yonseyi ankangotafuna nthanga za maungu ngati banja likuthalo ndi la aneba, anapukuta manja.

"Abambo inu, tingoloti tisachoke. Tichoke ndife. Ife tikwere kawo tipitirire, iwo akwere kathu abwerere ku Katrana."

Amuna aja anayang'anana. Fawaz misozi lengelenge, akupsompsona Mithkal pamphumi ngati nzeruyo yachokera kwa iye.

Ndinaona kuti zandithawa. "Ine sinditsika," ndinatero. "Mawondo."

"Koma amayi, mesa pobwera munakwera nokha..."

"Ndati mawondo, Fawaz!"

Ndinkati ndikakana, zonse zisokonekera. Koma Suheir anandikonzera mpango bwinobwino, kumwetulira kwake kuja kwa njoka.

"Musavutike amayi. Khalani pomwepo."

Anthu anasinthana. Mwana wanga wobereka ndekha anakwera kangolo ka Mithkal ndi mkazi wake, wapopa, wapita, osacheuka. Ine ndinatsala pakati pa Mithkal ndi Intisar, kubwerera kumene ndinachokera.

Banja la Fawaz linapulumuka, tsoka langa. Koma tisanafike ndi pa mlatho pomwe, Mithkal anafunsa kuti, "Ndiye umanyamuladi?" Intisar n'kuyamba kuyankha, kuyambira tsiku la ukwati wawo, mayi ake a Mithkal, nkhonono, masokosi, zonse.

Ndinamugwira Mithkal pamkono.

"Popa pang'onopang'ono mwanawe. Sitikuthamangira kulikonse."