Nkhope ya Mayi Halo

Bwana watsopano wa pachipatala pathu anabwera ndi mawu a Chingelezi odzaza thumba, onsewo onena chinthu chimodzi: kusuntha. Munthu akamuchotsa apa nkumuika apo, ati ridipuloyi. Mabedi akachoka wodi iyi kupita ina, ati riyaloketi. Chipinda chikasiya ntchito yake nkuyamba ina, ati ripapasi. Ine wokolopa ndinawamva mawuwa mpaka makutu kuwawa, ndipo posakhalitsa bwanayo tinawapatsa dzina loti a Ridipuloyi.

Oyamba kusunthidwa anali Mayi Halo. Mayiwa anakalambira m'kachipinda ka mafoni kopanda windo, kuseri kwa masitepe, kulumikiza oimba ndi madokotala. Mawu awo, abale inu, ngati uchi. Koma ine wolowamo ndi mopu ndinkadziwa zimene oimba sankaona. Pakamwa pakunena kuti "Zikomo bambo, tadikirani pang'ono," nkhope inkakhala ikutukwana. Ankatembenuza maso, kukwinya mphuno, kupotoza milomo, mwina mpaka kuitulutsira lilime foniyo. Mtima wawo unkaphwa choncho.

Mafoni atayamba kudzilumikiza okha, kachipindako anakasandutsa mosungira zidebe zanga. Mayi Halo anawaika pa tebulo lolandirira anthu, pakhomo penipeni, poyera.

Tsiku loyamba lomwelo madandaulo anafika ku ofesi. Wina anati mayi wa pakhomo wamunyoza. Atamufunsa kuti mayiyo wanena chiyani, anakanda m'mutu. "Anati ndafika bwino. Koma mukanaona mmene anandiyang'anira!"

A Ridipuloyi sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Anawaitana Mayi Halo nkuwauza mofatsa: "Mayi, sindikufuna kukuchotsani ntchito. Koma mwezi uno ukatha anthu akudandaulabe, ndilibe pena pokuikani."

Zinandiwawa. Mayiwa akulera ana atatu a malemu mng'ono wawo, onse ali pasukulu.

Ndiye tinayamba sukulu yathuyathu. Pa nthawi ya tiyi tinkadzitsekera m'kachipinda kaja, pakati pa zidebe, ine nditagwira kagalasi. Ndinkakhala wodwala wovuta, iwo nkumayesa kumwetulira. Koma taonani tsoka: akamwetulira, mawu ankatuluka okalipa ngati a msilikali. Akakonza mawu, nkhope inkabwerera kwawo.

"Achemwali, ziwiri pamodzi sindingathe," anatero tsiku lina, nkukhala pa chidebe. "Nkhopeyi inakula yopanda woilangiza."

Ndinaseka mpaka misozi, iwonso anaseka, koma tonse tinali ndi mantha.

Mwezi uli pafupi kutha, masana ena pakhomo panadzaza anthu. Bambo wina wa suti, mimba kutsogolo, anakankha mayi wobereka mwana nkudzaima patsogolo pa mzere. Mayi Halo anaiwala maphunziro athu onse.

"Pepanitu bambo," anatero ndi mawu ozuna aja, "mzere ukuyambira uko."

Nkhopeyo sindingathe kuifotokoza. Bambo uja anabwerera chammbuyo mpaka kumapeto. Mzere wonse unawongoka wokha, ngakhale mwana amene ankalira anakhala chete. Nditacheuka ndinaona a Ridipuloyi ataima pa masitepe, aona zonse.

M'mawa mwake anawaitana ku ofesi. Ine ndinatenga mopu nkuyamba kukolopa pakhomo pa ofesiyo, pamene ndinali nditakolopa kale.

"Mayi, anamwino akudandaula," ndinawamva bwana akutero. "Belu likalira, odzaona odwala satuluka m'mawodi. Alonda ayesa, akanika. Kuyambira lero ndikukuchitani riyasaini."

"Ndiye kuti mwandichotsa, bwana?"

"Ayi, ndakupatsani ntchito ina. Muzikaima pakhomo la mawodi. Koma chonde, kumwetulira mwayamba kuja musiye. Kukuopsa kuposa kale."

Madzulo ake belu litalira, Mayi Halo analowa m'wodi ya amuna. "Zikomo kwambiri abale, nthawi yatha, muyende bwino." Anawayang'ana mmodzimmodzi. Anthu anatuluka mwaulemu, koma mwachangu, wina mpaka anaiwala chipewa pa bedi la mlamu wake. Odwala anaomba m'manja.

Ndinawapeza pakhonde akupukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Mukuliranji nanga, zinthu zayenda?"

"Achemwali," anatero, "zaka zonsezi ndinkachita nayo manyazi nkhopeyi. Kani ndi imene iwaphunzitse ana aja."