Makoini a Kampani ya Mpendadzuwa

Kampani ya alimi a mpendadzuwa ku Sinda inali yaing'ono, koma Mayi Idah Mvula ankainyadira kwambiri. Ndiwo anayenda khomo ndi khomo kukopa anzawo kuti asonkhe, mpaka anagula makina ofinyira mafuta, ndipo alimi anawasankha kukhala wapampando. Mwana wawo Lloyd atamaliza maphunziro ku Chipata, alimi anagwirizana kuti akhale manijala.

Chaka china mpendadzuwa unachita bwino, ndipo Lloyd anabwera kumsonkhano ndi nkhani yachilendo. Anati pa intaneti pali anthu amene akuyambitsa ndalama yawoyawo, makoini a pafoni, ndipo akuwagulitsa motchipa asanafike pamsika. Kampani ikagula msanga, mtengo ukadzakwera idzagula lole. Alimi sanamvetse zonse, koma za lolezo anamva. Anakweza manja kuvomereza, Mayi Idah kukhala oyamba, ndipo Lloyd anagula makoiniwo ndi ndalama za kampani.

Miyezi inapita. Makoini aja ankaonekabe pafoni ya Lloyd, koma akati agulitse, zinkakana. Kenako anthu amene anamugulitsa makoiniwo anasiya kuyankha. Nyengo yokolola inafika kampani ilibe chogulira mbewu, makina ali zii.

Mayi Idah anatenga mwana wawo n'kukwera minibasi kupita ku Katete, kwa loya wina wamkazi, Mayi Diana Zulu. Loyayo anamvetsera nkhani yonse, nayang'ana foni ija nthawi yaitali.

"Mundiuze chimodzi chokha," anatero Mayi Idah. "Mwana wangayu waba, kapena waberedwa?"

"Amayi, ndikanakonda kukuyankhani," anatero loya uja. "Koma ine sindikuona pamene lamulo likunena momveka kuti zinthu zimenezi ndi ndalama, masheya kapena katundu. Tikapita kukhoti, woweruza angathe kunena kuti kampani yanu inapusitsidwa. Angathenso kunena kuti manijala analibe mphamvu zoika chuma cha anthu m'zinthu zotere. Zikatero mlandu ugwera iyeyu, mwinanso inuyo monga wapampando."

"Nanga amene anatenga ndalamawo?"

"Sitikudziwa ngakhale dziko limene ali. Samani yoitanira munthu kukhoti tikapereka kwa yani?"

Anakwera minibasi yobwerera ku Sinda. Lloyd anangotsamira pawindo njira yonse.

Alimi anali akudikira pakhonde la nyumba ya makina. Bambo Dominic Sakala, amene anagulitsa ng'ombe zawo kuti alowe m'kampaniyo, ndiwo anafunsa.

"Loya wati bwanji?"

"Wati sakudziwa," anayankha Mayi Idah.

"Loya n'kusadziwa lamulo? Mayi Mvula, takhala nanu zaka zambiri. Ngati mukubisa mwana wanu, ingonenani."

Mayi Idah anafotokozanso monga anamvera, mawu ndi mawu, koma akamalongosola m'pamene nkhope za anthu zinkauma. Khoti likanati Lloyd ndi wolakwa, akanakagwira ukaidi n'kubwerako. Likanati alibe mlandu, anthu akanang'ung'udza n'kuiwala. Koma panalibe woti agamule, choncho aliyense anagamula yekha mumtima mwake.

Makina aja anagulitsidwa kwa Bambo Hamid, wamalonda wa ku Katete, ndipo zimene alimi anagawana sizinakwane n'feteleza yemwe. Tsiku lonyamula makinawo Mayi Idah anaimirira patali. Palibe anawapatsa moni. Kutchalitchi, amayi amene ankakhala nawo benchi limodzi anayamba kukhala kwina.

Lloyd anawonda, n'kusiya kutuluka m'nyumba. Mmawa wina anati akupita ku Vubwi kukaona amalume ake.

"Ubwera liti, mwanangu?"

"Zikazizira, amama."

Amalumewo anadzaimba foni kuti mnyamatayo anangogona usiku umodzi n'kuwolokera ku Malawi. Nambala yake sinapezekenso.

Nyengo ya mvula itayandikira, Mayi Idah anapitanso ku Katete kukafunsa ngati lamulo lija tsopano lalongosoka, kuti mwina mwana wawo angabwere n'kuyeretsa dzina lake. Loya uja anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kunena kuti akuluakulu akukambiranabe. Mayi Idah anathokoza, natuluka. Pasiteshoni anakhala pansi pa mtengo, minibasi za ku Sinda zikudzaza ndi kunyamuka, iwo osadzuka.